Masiteroidi ndi matenda a khungu: ngozi yake yagona pati?

Ngati mumayendayenda pa TikTok kapena pa Facebook, mwina munakumanapo ndi makanema a anthu oonetsa nkhope zotupa, khungu likufunduka ngati la njoka, ena akulira kuti tulo anaiwala chifukwa thupi lonse likuwotcha. Onsewo amaloza chala chinthu chimodzi: mafuta a siteroidi amene anadzola kwa zaka zambiri. Nkhaniyi sinathere pa intaneti pokha. Mu Seputembala 2021, bungwe loyang'anira mankhwala ku Britain la MHRA linachenjeza madokotala kuti alipodi anthu amene amadwala akasiya mafutawa atawadzola kwa nthawi yaitali. Mu Meyi 2024 linalengezanso kuti makampani azilemba poonekera pa paketi ngati siteroidi ili m'katimo ndi yofatsa, yapakati, yamphamvu kapena yamphamvu kwambiri.

Chiyambireni phokosoli, anthu asokonezeka. Kuli mayi amene dokotala anawapatsa hydrocortisone ya mwana wawo yemwe akudzikanda mpaka kutuluka magazi, koma chubu chikadali chitsekere m'kabati chifukwa cha mantha. Kulinso munthu amene wakhala akugula clobetasol chaka ndi chaka, n'kumadzola kumaso m'mawa uliwonse ngati mafuta wamba, osadziwa n'komwe kuti ndi siteroidi. Onse awiri agwira mankhwala a banja limodzi, koma mphamvu yake ndi yosiyana kutalitali. Ndiye funso loti "kodi masiteroidi ndi oopsa?" silingayankhidwe ndi eya kapena ayi. Zimatengera kuti ndi siteroidi iti, ikupakidwa pati, kwa nthawi yaitali bwanji, ndiponso ngati matenda akuchizidwawo alidi amene munthu akuwaganizira.

## Siteroidi n'chiyani?

Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kokhala ngati kachipewa, kotchedwa adrenal. Tiziwalo tiwiriti timatulutsa cortisol, imodzi mwa mahomoni, timadzi tija timayenda m'magazi kukauza ziwalo zina zochita. Cortisol imathandiza kuti shuga ndi kuthamanga kwa magazi zikhale pa mlingo wake, imalimbitsa thupi pa nthawi ya ngozi kapena matenda aakulu, komanso imaletsa chitetezo cha m'thupi kupyola malire. Masiteroidi a kuchipatala, amene dzina lawo lonse ndi corticosteroid, anapangidwa motsanzira cortisol imeneyi. Musawasokoneze ndi aja amamwa anthu ena onyamula zitsulo kuti minofu itukuke. Amenewo amatsanzira testosterone, homoni yachimuna, ndipo ndi nkhani ina.

Mu 1948, dokotala Philip Hench wa ku Mayo Clinic ku America anabaya mayi wina wodwala nyamakazi yoopsa mankhwala otchedwa cortisone. Mayiyo, amene kudzuka pabedi kunali kuwakanika, anayamba kuyenda patangopita masiku ochepa. Mu 1950 Hench, Edward Kendall ndi Tadeus Reichstein analandira mphoto ya Nobel chifukwa cha ntchitoyi. Mu 1952 madokotala awiri a ku New York, Marion Sulzberger ndi Victor Witten, anaonetsa kuti hydrocortisone imagwiranso ntchito ikapakidwa pakhungu. Koma chisangalalo sichinachedwe kusakanikirana ndi nkhawa, poti odwala oyambirira a cortisone anayamba kufufuma nkhope, ena kusokonezeka maganizo.

## Galu wouwa usiku wonse

Matenda monga eczema, amene amaumitsa khungu n'kuliyabwitsa, ndi psoriasis, amene amatulutsa zigamba zokhuthala zokhala ndi mamba otuwa, sapatsirana. Gwero lake ndi chitetezo cha m'thupi chimene chimalusa popanda mdani weniweni, kapena kulusa mopyola muyeso pa tinthu ting'onoting'ono ngati sopo, thukuta ndi fumbi. Mitsempha ya magazi imatseguka, maselo a chitetezo amakhamukira pamalopo, khungu n'kutupa, kutentha ndi kuyabwa. Pakhungu loyera pamafiira. Pakhungu lakuda pamangoda kwambiri kapena kutuwa, moti nthawi zina matenda aakulu amaoneka ngati aang'ono.

Tiyerekeze galu wolondera pakhomo amene wayamba kuuwa usiku wonse, kuuwa mphepo, kuuwa masamba, mpaka kuluma eni nyumba. Kupaka siteroidi kuli ngati kumumanga galuyo pakamwa. Pakhomo pamagwa bata, anthu n'kupeza tulo. Koma khalidwe la galu silinasinthe, ndipo mukamumasula akhoza kuyambiranso. Chinanso, chingwe sichisankha: ngati usiku umenewo kwabweradi wakuba, galu uja sauwa ndithu.

M'kati mwa selo, siteroidi imakafika pamene pamakhala malangizo a chibadwa n'kutseka ena mwa iwo, makamaka opanga timadzi toitanira maselo a chitetezo. Imafinyanso timitsempha ta magazi, n'chifukwa chake kufiira kumatha msanga. Imachedwetsa kugawikana kwa maselo a khungu, zomwe zimathandiza pa psoriasis poti kumeneko maselo amachulukana mothamanga. Imachepetsanso kapangidwe ka collagen, ulusi umene umalimbitsa khungu kunsi kwake. Ubwino wa mankhwalawa ukuchokera pa ntchito zimenezi, ndipo kuipa kwake kukuchokera pomwepo. Walira mvula walira matope.

## Nambala ya pa chubu imanamiza

Ku Britain masiteroidi odzola anawagawa m'magulu 4, ku America m'magulu 7. Hydrocortisone ili m'gulu lofatsa. Clobetasone butyrate ndi yapakati. Betamethasone valerate ndi mometasone n'zamphamvu, ndipo clobetasol propionate ili pamwamba pa zonse, mphamvu yake kuposa ya hydrocortisone mpaka pafupifupi ka 600. Taonani mmene mayina a clobetasone ndi clobetasol akufananira. Munthu wowerenga mothamanga akhoza kutenga china m'malo mwa chinzake, pomwe pakati pake pali gulu lina lathunthu.

Peresenti yolembedwa pa chubu ndiyo imasocheretsa ambiri. Wina amaona hydrocortisone 1% ndi clobetasol 0.05%, n'kuganiza kuti yachiwiriyo ndiyo yofooka poti nambala yake ndi yaing'ono. Nambalayo imangonena kuchuluka kwa mankhwala m'mafutamo, osati ukali wake.

Malo opakapo nawo ndi nkhani yaikulu, chifukwa khungu silofanana thupi lonse. Mu 1967, Robert Feldmann ndi Howard Maibach anayeza mmene hydrocortisone imalowera m'malo osiyanasiyana poyerekeza ndi pamkono. Pamphumi inalowa kuwirikiza ka 6, pansagwada ka 13, pakhungu la kumaliseche kwa mwamuna ka 42. Kunsi kwa phazi inalowa pang'ono kwambiri. Choncho mafuta amene dokotala walembera zigamba zokhuthala za m'manja kapena kumapazi akhoza kuwononga zikope, m'khwapa kapena m'mphechepeche m'milungu yochepa. Khungu likaphimbidwa ndi pulasitiki kapena bandeji, mankhwala amalowa kuwirikiza kangapo, ndipo thewera limachita zomwezo pa khanda. Ana aang'ono alinso ndi khungu lalikulu poyerekeza ndi kulemera kwawo, moti mlingo umene wamkulu sangaumve n'komwe kwa iwo umafika m'magazi wochuluka.

## Zimene khungu limaonetsa

Vuto lotchuka ndi kupyapyala kwa khungu. Collagen ikachepa, khungu limanyezimira, limakwinyika ngati pepala, timitsempha timaonekera, ndipo kungogundidwa pang'ono pamatuluka banga la magazi ogwirana pansi pa khungu. Munthu akasiya msanga, nthawi zambiri khungu limabwerera mwakale. Zimene sizibwerera ndi mizere yong'ambika, yonga ija imatuluka pamimba pa mayi woyembekezera. Imakonda m'ntchafu, m'khwapa ndi m'mphechepeche, ndipo ikatuluka imangozimirira mtundu koma sichoka.

Kodi zimenezi zimachitika kawirikawiri bwanji? Mu 2022 akatswiri a bungwe la Cochrane, lounika kafukufuku wa zachipatala, anasonkhanitsa kafukufuku 104 wa eczema. Mwa anthu 2,266 amene anaunikidwa za kupyapyala kwa khungu, 26 okha ndiwo anapezeka nako, ndipo 16 mwa iwo ankadzola gulu lamphamvu kwambiri lija. Nambala imeneyi ndi yolimbitsa mtima kwa wodzola motsatira malangizo. Koma kafukufuku wambiri anali wa milungu yochepa, ndiye sakufotokoza za munthu wodzola tsiku ndi tsiku kwa zaka zisanu.

Nkhope ili ndi mavuto akeake. Siteroidi yamphamvu ikakhalitsa kumaso imatulutsa ziphuphu zofanana msinkhu, tizilonda tozungulira pakamwa ndi pamphuno, ubweya m'masaya, ndi kutentha kumene kumabwera munthu akangodumphitsa tsiku. Apa ndiye pamakhala msampha: ukapaka zimazizira, ukasiya zimabuka, ndiye umapakanso. Pafupi ndi maso, mankhwala akhoza kulowa m'diso n'kuyambitsa ng'ala kapena glaucoma, matenda okweza mphamvu ya madzi a m'diso amene amapha mtsempha woonera mwakachetechete, osapweteka.

Siteroidi imayeretsanso khungu pamene yapakidwa. Kwa wodwala, limeneli ndi vuto. Koma m'maiko ambiri a mu Africa ndi Asia anthu ena amafuna dala zimenezi, n'kumadzola clobetasol thupi lonse kwa zaka pofuna kuyera. Madokotala a khungu amati mwa odwala amene amabwera atawonongeka kwambiri, ambiri ndi a gulu limeneli, anthu amene poyamba analibe matenda alionse.

## Pamene galu ankauwadi wakuba

Tiyeni tione chitsanzo ichi pafupi. Pantchafu pa munthu patuluka kabwalo koyabwa, m'mbali mwake motukuka, pakati pooneka bwinobwino. Ndi chipere, matenda oyamba ndi fangasi. Mnzake amubwereka chubu cha betamethasone, amvekere, "Ine anandithandiza amenewa." Pakutha pa masiku awiri kuyabwa kwatha, mzere wa m'mbali wazimirira. Munthu uja asiya kupaka. Patapita sabata chipere chabwerera, tsopano chachikulu ngati chikhatho. Apakanso, chizizira. Asiya, chibuka. Pofika mwezi wachitatu chafalikira kuchokera m'mphechepeche mpaka pamimba ndi kumatako, chilibenso maonekedwe a bwalo, muli tiziphuphu ta mafinya m'mizu ya ubweya, ndipo m'ntchafu mwayamba mizere ija.

Chachitika n'chakuti kuyabwa ndi kutupa kuja inali nkhondo ya thupi yolimbana ndi fangasi. Siteroidi inatontholetsa asilikali, fangasi n'kupeza mpata. Mu 1968 madokotala awiri a ku Britain anatcha vutoli tinea incognito, kutanthauza chipere chodzibisa, chifukwa ngakhale katswiri amavutika kuchizindikira mpaka atapala khungu pang'ono n'kukaliona pa makina oonera tizilombo. Pofika pamenepo mafuta opha fangasi paokha sakwanira, pamafunika mapiritsi a milungu ingapo.

Ku India vutoli linafika posautsa dziko lonse. Kumeneko kunafala mafuta osakaniza zinthu zitatu kapena zinayi m'chubu chimodzi: siteroidi yamphamvu, mankhwala a fangasi ndi a mabakiteriya, ogulidwa popanda kalata ya dokotala. Akatswiri ambiri amakhulupirira kuti mafuta amenewa anathandiza kufala kwa fangasi wosamva terbinafine, mankhwala odalirika a chipere. Fangasi ameneyu anapatsidwa dzina loti Trichophyton indotineae mu 2020, ndipo mu 2023 bungwe la zaumoyo ku America la CDC linalengeza kuti wapezekanso mwa odwala ku New York.

Mphere nazo zimabisala chimodzimodzi. Munthu wa mphere wamba amakhala ndi tizilombo 10 kapena 15 thupi lonse, koma chitetezo chikaponderezedwa tikhoza kuchulukana kufika zikwizikwi, khungu n'kuchita nkhanambo zokhuthala. Ndipo mwana wa eczema akatuluka timatuza tambirimbiri tofanana, topweteka, totsagana ndi kutentha thupi, kungakhale kachilombo ka herpes kalowa pakhungu lodwalalo. Zimenezo zimafuna chipatala tsiku lomwelo, osati kuwonjezera mafuta.

## Akalowa m'magazi

Ubongo umawerengera cortisol imene ili m'magazi. Ukaona kuti yakwanira, umasiya kutuma uthenga ku adrenal. Vuto n'lakuti susiyanitsa cortisol yeniyeni ndi siteroidi yochokera m'piritsi. Munthu akamwa mankhwalawa kwa milungu ingapo, tiziwalo tija timakhala ngati wantchito amene tsiku lililonse akupeza ntchito yake itagwiridwa kale ndi wina. Amayamba kugona masana, kenako luso limamuthawa. Tsiku limene wogwirizira uja wachoka mwadzidzidzi, palibe wogwira ntchito. Munthu amafooka, amasanza, amachita chizungulire, magazi amatsika, ndipo akhoza kukomoka ngakhale kufa, makamaka ngati pa nthawiyo akudwalanso matenda ena. Kuti adrenal idzukenso pamatenga milungu, mwa ena miyezi yambiri. N'chifukwa chake amene wamwa mapiritsi a siteroidi monga prednisolone kupitirira milungu itatu sauzidwa kuti angosiya, koma amatsitsa mlingo pang'onopang'ono.

Thupi palokha limapanga cortisol yofanana ndi mamiligalamu pafupifupi 5 a prednisolone patsiku. Wodwala khungu kwambiri akhoza kuyambira pa 30 kapena 40. Mlingo wotere ukapitirira miyezi, nkhope imazungulira ngati mwezi, mafuta amaunjikana pamimba ndi kumbuyo kwa khosi pomwe miyendo ikuonda, zimene madokotala amazitcha matenda a Cushing. Shuga amakwera, magazi amathamanga, mafupa amafooka mpaka msana kuthyoka popanda kugwa, ndipo mwa ena mutu wa fupa la m'chiuno umafa chifukwa chosowa magazi. Tulo timasowa, mtima umapsa msanga, ena amasangalala mopyola muyeso kapena kukhumudwa. Ana amachedwa kukula. Matenda amene anagona m'thupi amadzuka: chifuwa chachikulu, kachilombo ka chiwindi ka hepatitis B, ndi njoka za m'mimba zotchedwa Strongyloides zimene zimatha kukhala chete kwa zaka makumi. Katsabola, amene kwa ambiri ndi matenda ongodutsa, kwa womwa masiteroidi akhoza kukhala oopsa.

Ngakhale kumwa kwa masiku ochepa kuli ndi zake. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2017 m'magazini ya zachipatala ya BMJ anaunika anthu oposa 1.5 miliyoni ku America. Mmodzi mwa asanu alionse analandirapo mapiritsi a siteroidi a masiku osapitirira 30 m'zaka zitatu. M'mwezi woyamba atayamba kumwa, matenda a tizilombo m'magazi anachuluka pafupifupi ka 5, kuundana kwa magazi m'mitsempha ka 3, kuthyoka mafupa pafupifupi kawiri. Tinene mosabisa kuti amene zinawachitikira anali ochepa pa gulu lonselo, ndiponso anthuwa anali akudwala kale pamene ankalandira mankhwala. Komabe zinakumbutsa madokotala kuti "kamlingo ka masiku asanu" si madzi akumwa.

Pa eczema ndi psoriasis, malangizo a akatswiri m'maiko ambiri salimbikitsa mapiritsi kapena jakisoni wa siteroidi ngati chithandizo cha nthawi zonse. Khungu limayeradi mofulumira, koma mankhwala akatha matenda amakonda kubwerera ndi ukali. Pa psoriasis pali mantha akale akuti kusiya mapiritsi kukhoza kuyambitsa mtundu woopsa wa timatuza ta mafinya thupi lonse. Kafukufuku wina waposachedwa akusonyeza kuti sizichitika kawirikawiri monga ankaganizira, koma zikachitika wodwala amagonekedwa.

Pali matenda ena a khungu amene masiteroidi ndiwo amapulumutsa moyo. Pemphigus imatulutsa matuza pakhungu ndi m'kamwa, ndipo mankhwalawa asanabwere inkapha odwala pafupifupi atatu mwa anayi alionse. Lero amafa ndi osakwana mmodzi mwa khumi. Pa matenda ena a matuza ogwira okalamba, otchedwa bullous pemphigoid, madokotala a ku France mu 2002 anayerekeza clobetasol yodzola ndi mapiritsi a prednisone. Mwa odwala kwambiri, 76 pa 100 a gulu lodzola anali moyo patatha chaka, pomwe a gulu la mapiritsi anali 58 pa 100. Siteroidi yoopedwa kwambiri ija ndiyo inakhala yotetezeka pamenepa, chifukwa cha njira imene inalowera m'thupi.

Izi sizikutanthauza kuti zodzola sizifika m'magazi. Zikapakidwa pamalo aakulu, pakhungu losupuka kapena pa khanda, zimafika. N'chifukwa chake malangizo a clobetasol amati isapitirire magalamu 50 pa sabata. Mankhwala ena amasinthanso nkhani. Ritonavir ndi cobicistat, zopezeka m'ma ARV ena, zimachedwetsa chiwindi kuphwanya masiteroidi ena, moti jakisoni mmodzi wa siteroidi ya triamcinolone wabweretsapo matenda a Cushing mwa anthu otere. Rifampicin ya chifuwa chachikulu imachita zosiyana, imafooketsa prednisolone. Dokotala wolemba siteroidi ayenera kudziwa zonse zimene munthu akumwa.

## Mkangano wa odwala atasiya

Tibwerere ku makanema aja. Vuto limene amanena limatchedwa topical steroid withdrawal, kutanthauza kudwala chifukwa chosiya siteroidi yodzola. Ofotokoza amati patapita masiku kapena milungu chisiyireni, khungu limayamba kuwotcha ndi kubaya koposa kuyabwa, kufiira kapena kuda kumafalikira mpaka malo amene sanadwalepo, khungu limatuluka madzi kenako n'kufunduka. Mwa ena mkono wonse umasintha mtundu n'kulekezera pamfundo ya dzanja ngati malaya a manja aatali. Ambiri mwa amene alembedwa m'mabuku a zachipatala ndi akazi akuluakulu amene anadzola masiteroidi amphamvu kumaso kapena kumaliseche tsiku ndi tsiku kwa miyezi yambiri kapena zaka.

Pamene anthu akusiyana maganizo ndi apa. Palibe njira yoyezera magazi kapena khungu yotsimikizira vutoli, ndipo akatswiri sanagwirizanebe za zizindikiro zake zenizeni. Madokotala ena amati ambiri mwa odzitcha odwala matendawa ali ndi eczema yaikulu imene yangobwerera poti chithandizo chaima, ndipo amada nkhawa akaona makolo akusiyitsa mwana mankhwala onse chifukwa cha kanema. Odwala nawo amati akhala akunena kwa zaka kuti chimene akumva n'chosiyana ndi eczema yawo yakale, koma amangopatsidwa chubu champhamvu kuposa choyamba. Mbali zonse zili ndi mfundo. Koma pali chimodzi chimene madokotala amachenjeza: amene wadzola siteroidi yamphamvu kwa nthawi yaitali asasiye yekha mwadzidzidzi, chifukwa kupatula khungu, adrenal yake ikhoza kukhala ili mtulo.

## Kuopa nakonso kumavulaza

Mayi a chubu chotsekera aja akuganiza kuti akuteteza mwana. Koma eczema yosachizidwa si yofatsa. Mwana sagona, makolo sagona, zikhadabo zimatsegula zilonda, mabakiteriya monga Staphylococcus aureus n'kulowa. Khungu lokandidwa kwa miyezi limakhuthala n'kuda, ndipo mabala otsalira pambuyo pake, akuda kapena oyera, nthawi zambiri anthu amanamizira mafuta pomwe ndi a matenda enieniwo. Chodabwitsa n'chakuti wopaka mwamantha, kadontho lero, kudumpha masiku atatu, amatha kugwiritsa ntchito siteroidi yochuluka pa chaka kuposa wopaka mokwanira kwa sabata imodzi kapena ziwiri n'kupumula, chifukwa moto wake suzima konse.

Mawu akuti "pakani pang'ono" sathandiza, poti pang'ono pa wina ndi pambiri pa mnzake. Mu 1991 madokotala a ku Cardiff, Long ndi Finlay, anabweretsa muyeso wa chala. Finyani chubu kuti mafuta atuluke ngati kanyongolotsi kuyambira pansonga ya chala cholozera cha munthu wamkulu mpaka pamzere woyamba. Umenewo ndi pafupifupi theka la galamu, ndipo umakwanira malo aakulu ngati zikhatho ziwiri pamodzi ndi zala. Nkhope ndi khosi la wamkulu zimafuna miyeso iwiri ndi theka, mkono umodzi itatu, mwendo umodzi isanu ndi umodzi. Chubu cha magalamu 30 chili ndi miyeso 60. Kuwerenga kumeneku kumathandiza munthu kudziona yekha: ngati chubu chotere chikutha sabata iliyonse pa kachigamba ka pachigongono, chinachake chalakwika, ndipo ngati chatha chaka pa mwana wodwala thupi lonse, nachonso chalakwika. Pa masiteroidi amphamvu, kafukufuku wa Cochrane uja anapeza kuti kupaka kamodzi patsiku kumathandiza mofanana ndi kawiri.

Kwa amene eczema imabukabuka pamalo omwewo, madokotala ena amalangiza kupaka masiku awiri okha pa sabata khungu litapola, kuti moto usayakenso. Mafuta ofewetsa khungu opanda mankhwala, odzola mowolowa manja tsiku lililonse, amakhalabe maziko a chithandizo. Kumaso ndi m'zikope kuli tacrolimus ndi pimecrolimus, zimene sizipyapyalitsa khungu ngakhale zimabaya masiku oyambirira. Pa psoriasis pali calcipotriol. Matenda akakula pali chithandizo cha kuwala, methotrexate, ciclosporin, ndi jakisoni wa dupilumab amene anavomerezedwa ku America mu 2017. Chilichonse mwa izi chili ndi zovuta zakenso ndipo china chimafuna kuyezetsa magazi pafupipafupi. Kwa amayi oyembekezera, masiteroidi ofatsa ndi apakati amaonedwa kuti ndi otetezeka, pomwe amphamvu akapyola magalamu 300 pa mimba yonse agwirizanitsidwa ndi kubadwa kwa mwana wochepa sikelo.

## Siteroidi yosalembedwa

Pali anthu amene anathawa masiteroidi n'kupita ku mafuta olembedwa kuti "achilengedwe", n'kudabwa kuti akugwira ntchito usiku umodzi. Mu 1999 madokotala a ku London anayeza mitundu 11 ya mafuta a zitsamba amene odwala awo ankadzola. Mitundu 8 inali ndi siteroidi yotchedwa dexamethasone, yosalembedwa paliponse, ndipo yochuluka kwambiri inali m'mafuta operekedwa kwa ana. Mabungwe oyang'anira mankhwala m'maiko osiyanasiyana akupezabe zoterezi m'mafuta a eczema ndi oyeretsa khungu ogulitsidwa pa intaneti.

Pamene yalembedwa, siteroidi imabisala m'timalemba ting'onoting'ono kunsi kwa dzina lalikulu la malonda. Mayina ake ambiri amathera mofanana: betamethasone, mometasone ndi dexamethasone, prednisolone, fluocinolone ndi triamcinolone, desonide ndi fluocinonide, clobetasol. Pa chubu chosakaniza, dzina limeneli limakhala pambali pa clotrimazole, miconazole, neomycin kapena gentamicin, ndipo wogula nthawi zambiri amangowerenga mawu aakulu a kutsogolo akuti ndi mankhwala a chipere.